Madigiri Asanu Pakhonde la Apongozi

Ndinabwera ku Rumphi ndi kalata ya boma nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo asananditumize kuno sindinkadziwa kuti munthu ukadutsa Mzuzu ulendo umakhala ukadalipo. Anandipatsa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Phwezi, kalasi ya Sitandade 2. Patatha zaka ziwiri ndinakwatiwa ndi mwamuna wa konkuno, ndipo ukwati utangotha chaka iye anapita ku Joni kukasaka ntchito monga ankachitira anzake ambiri. Ine ndinatsala pakhomo pa makolo ake, m'kanyumba kathu ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu.

M'nyumba yaikuluyo munkakhala apongozi anga aamuna okha, chifukwa akazi awo anamwalira ine ndisanafike pabanjapo. Anali mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito. Anaphunzira ku Khondowe, anaphunzitsa m'masekondale a mishoni zaka zambiri, kenako anabwerera kumudzi kudzalima. Anali munthu wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, wovala jekete ngakhale popita kukaona fodya m'chigafa. Ndinkawatchula kuti adada, iwo n'kumanditchula kuti mkamwana. Mwambo wa kuno sulola mkamwana kuzolowerana ndi apongozi ake aamuna. Ndinkawapatsa moni nditagwada chapatali, chakudya ndinkasiya patebulo n'kutuluka, ndipo pa zaka zonsezo sitinakhalepo pansi n'kucheza. Sikuti tinkadana. Kungoti umo ndi mmene zinkayenera kukhalira, ndipo ine ndinkawaopanso pang'ono.

Sitiroko inawagwira m'mawa wina mu Sepitembala akuvala nsapato. Tinawatengera kuchipatala cha ku boma pa galimoto ya munthu wina wa pamsika, ndipo ndimakumbukira kuti tikuwoloka mlatho wa pa Njakwa ndinali nditawagwira mutu kuti usamenyeke ku chitsulo. Aka kanali koyamba kuwakhudza. Atatuluka m'chipatala, mbali yonse yakumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka molemera. Chingerezi ndi Chichewa ankachita kuzifunafuna. Chitumbuka chokha n'chimene chinkabwerako msanga, nachonso mawu awiri atatu basi.

Nyumbayo anaimanga pamalo otsetsereka, choncho maziko a kutsogolo anawakweza kwambiri kuopa madzi ochokera kuphiri. Kuchoka pakhonde kufika pabwalo panali masitepe asanu. Kale palibe amene ankawaganizira masitepewo. Tsopano anasanduka malire a dziko lawo. Mwamuna wanga atabwera pa Khirisimasi anabweretsa chikuku chabwino cha matayala aakulu, koma chikukucho chinkangoyenda kuchokera kuchipinda kufika pabalaza, kuchoka pabalaza kufika pakhonde. Kuti atsike pansi pankafunika amuna anayi, ndipo nthawi ya dzinja amuna onse amakhala kumunda. Mng'ono wawo, amene tinkawatchula kuti adada ang'ono, ankabwera m'mawa uliwonse kudzawasambitsa ndi kuwaveka, koma nawonso anali okalamba, msana ukuwavuta. Mwamuna wanga anabwerera ku Joni mu Januwale.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika mu Febuluwale. Mnzawo wa adada amene anatumikira naye zaka zambiri monga mkulu wa mpingo anamwalira, ndipo mudzi wonse unapita kumaliro. Tchalitchi chili pafupi, njira yake ndi yosalala, nyimbo zinkamveka bwinobwino mpaka pakhomo pathu. Adada anakhala pakhonde atavala jekete yakuda kuyambira m'mawa, kudikira anthu amene analonjeza kudzawatsitsa. Anthuwo anatanganidwa kumanda, sanabwere. Nditapita kukawachotsera mbale ndinapeza chakudya sanachikhudze. Madzulo ake anandiuza kuti ndiwavule jeketeyo.

Sabata yotsatira ndinakambirana ndi adada ang'ono kuti tiitane mmisiri atimangire kamsewu kotsetsereka pamwamba pa masitepewo, koti chikuku chizitsikirapo. Mmisiri amene tinamupeza anali bambo wa zaka za m'ma fote, wodziwika bwino pomanga nyumba m'deralo, ndipo anali mmodzi mwa ana amene adada anawaphunzitsa ku sekondale. Anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anadzaza masitepe ndi zidutswa za njerwa, anathira simenti, anasalaza bwino, masiku awiri ntchito inatha. Kamsewuko kanali kafupi, kokongola, ndipo tonse tinakayamikira. Adada anakayang'ana nthawi yaitali ali pakhonde, n'kupukusa mutu, koma tinaganiza kuti ndi matenda amene akuwachititsa.

Simenti itauma ndinafuna kuwasangalatsa. Linali Loweruka masana, pakhomo tinalipo awiri basi.

"Adada, lero mukaone nyemba zanu kudimba," ndinatero.

"Yayi," anayankha.

Ndinaganiza kuti akukana chifukwa chosafuna kundivutitsa. Ndinamasula mabuleki, ndinagwira zogwirira mwamphamvu, n'kukankhira chikuku pakamsewu paja. Matayala akutsogolo atangotsika, kulemera konse kunandichoka m'manja. Chikuku chinandikoka, masilipasi anaterereka, ndinagwada pasimenti ndisanasiye zogwirira, ndipo chinandikwekwereza mpaka pansi. Kumeneko matayala aang'ono anatitimira m'dothi lonyowa, chikuku chinaima mwadzidzidzi, adada anagwera kutsogolo chafufumimba. Dzanja lakumanja silikanatha kuwatchinjiriza. Anamenyetsa mphumi pansi.

Sindikumbuka bwino mmene ndinaitanira anthu. Ndimangokumbuka magazi akutsikira m'nsidze mwawo, iwo akundiyang'ana ndi diso limodzi, osabuula n'komwe. Bala silinali lalikulu, kuchipatala chaching'ono anangosoka pang'ono n'kutibweza. Koma ine mawondo anali atasupuka, ndipo ndinali ndi mantha ena amene sindikanauza munthu. Ndinali ndi pakati pa miyezi itatu. Ankadziwa ndi mwamuna wanga yekha ndi namwino wa kusikelo. Namwinoyo atandiyeza Lolemba anati zonse zili bwino, koma anandidzudzula kwambiri.

Mwamuna wanga anaimba foni atamva. "Munawatsitsa nokha bwanji? Anthu atha pamudzipo?" Amayi ena a pamudzi ankati akandiona kuchitsime amatsitsa mawu. Adada nawo masiku awiri sanandilankhule. Ndinkawadyetsa phala iwo akuyang'ana kukhoma, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti andikwiyira.

Tsiku lachitatu nditabwera kuchokera kusukulu anandikodola ndi dzanja lamanzere, n'kuloza kuchipinda kwawo.

"Bokosi," anatero. "Pasi pa bedi."

Ndinali ndisanalowepo m'chipinda chimenecho popanda adada ang'ono. Ndinakoka bokosi lachitsulo n'kubwera nalo pabalaza. Munali makope akale, choko chotsala m'kabokosi, rula yathabwa, ndi kabuku kopyapyala ka chikuto chong'ambika, kodzaza manambala okhaokha m'mizere. Anatenga kabukuko ndi kope limodzi, n'kuloza mpando umene unali pafupi nawo. Ine ndinagwada pansi monga mwa masiku onse. Anamenya mpandowo ndi chikhatho kawiri. Ndinadzuka n'kukhalapo, m'mphepete mwenimweni, manyazi atandigwira.

Ndi dzanja lamanzere, limene sanazolowere kulembera, anajambula chinthu cha makona atatu. Mizere inali yonjenjemera koma inkaoneka. Mzere umodzi unaimirira, wina unagona pansi, wachitatu unapendekeka kulumikiza iwiriyo. Pamene woimirira unakumana ndi wogona anajambulapo kabokosi kakang'ono, kusonyeza kuti pamenepo ndi pa sikweya, monga amanenera amisiri. Analoza mzere woimirira, n'kuloza khonde. Analoza wopendekeka, n'kuloza kamsewu kaja. Kenako anajambula kauta kakang'ono pa ngodya yapansi, pamene kamsewu kamakhudza bwalo, n'kuikapo chizindikiro cha funso.

"Pimani," anatero, kutanthauza kuti ndikayeze.

Ndinabwereka tepi kwa oyandikana nawo. Kuchoka pansi kufika pamwamba pa khonde panali masentimita 75. Kuchoka pakhoma la khonde, kuyenda pansi mpaka pothera kamsewu, panali masentimita 200. Ndinalemba manambalawo pambali pa mizere yake. Iwo analemba mawu oti tanjenti mwachidule, zilembo zitatu, n'kundipatsa pensulo.

Apa ndiyenera kunena zoona. Masamu a ku sekondale ine ndinalephera. Ndinakhoza maphunziro enawo, n'chifukwa chake ananditenga ku koleji, koma trigonometri ndinkangoloweza kanyimbo kake osadziwa kuti ndi ya chiyani. Ndinkakumbukira kuti tanjenti ndi kugawa mbali ina ndi inzake, koma iti ndi iti sindinkadziwa. Ndinagawa 200 ndi 75. Ndinafufuza yankho m'kabuku kaja, iwo akundilozera tsamba, ndipo ndinapeza madigiri pafupifupi 70. Ndinalemba n'kuwapatsa.

Anayang'ana, n'kutulutsa mawu amene sindinadziwe ngati n'kuseka kapena kukwiya. Anamenya tebulo. Anayesa kufotokoza koma mawu anakana, malovu anatsika pachibwano, ndipo anadzipukuta okha mwaukali. Ine misozi inayamba kulengeza.

"Adada, pepani. Masamu ine ndinalephera. Ndiitane mphunzitsi wa ku sekondale adzakuthandizeni."

"Yayi." Anandiloza. "Imwe."

Anatenga pensulo n'kuloza ngodya yapamwamba, pamene kamsewu kamakumana ndi khonde. Analemba 70 pamenepo. Kenako anabwerera pa ngodya yapansi, anaika nsonga ya pensulo pamenepo, n'kukoka kamzere kowoloka mpaka pa mzere woimirira, kusonyeza kuti imeneyo ndi mbali yoyang'anizana nayo. Ndinamvetsa kuti yankho langa silinali lopanda pake, kungoti ndinayeza ngodya ina. Munthu ukaima pa ngodya yapansi, mbali imene ukuyang'anizana nayo ndi khonde, ndipo imeneyo ndiyo umaigawa ndi mbali yogona pansi. Ndinagawa 75 ndi 200, ndinapeza 0.375. M'kabuku nambalayo inali pakati pa madigiri 20 ndi 21.

"Madigiri twente ndi hafu," ndinatero.

Anagwedeza mutu. Analoza bala lawo la pamphumi, analoza mawondo anga, kenako nambalayo. Kwa masiku atatu ndinkadziimba mlandu woti ndine wofooka ndiponso wosasamala. Iwo ankandiuza kuti pa kutsetsereka kotere, ngakhale mwamuna wamphamvu chikuku chikanamuthawa. Ndinazindikiranso kuti masiku awiri aja sanali kundikwiyira. Ankawerengera mumtima, n'kumavutika kuti atiuza bwanji.

Mawa lake tinapitiriza. Tsopano funso analitembenuza. Anajambula chithunzi china, analemba 75 pa mbali yoimirira, analemba madigiri 5 pa ngodya yapansi, n'kuika chizindikiro cha funso pa mbali yogona. Ankafuna kudziwa kuti kamsewu koyenera kadzafika pati pabwalo. Zinanditengera nthawi yaitali, ndinafufuta kangapo, iwo akungogogoda chala pomwe ndasokoneza. Tanjenti ya madigiri 5 m'kabuku inali 0.0875. Nditagawa 75 ndi nambalayo ndinapeza 857. Ndinabwereza kawiri poganiza kuti ndalakwitsanso. Mamita asanu ndi atatu ndi theka, kuposanso pang'ono, chifukwa cha masitepe asanu okha. Ndinatulutsa foni kuti nditsimikize, iwo anaikankhira kumbali. Nditayesa ndili ndekha kunyumba kwanga, foni inapereka yankho lomwelo.

Ndinatenga tepi n'kuyamba kuyeza kuchokera pakhonde kulowera pabwalo, iwo akuonerera. Nditafika pa mamita asanu ndi awiri ndinaima. Pamenepo panali mtengo wa malalanje. Unali mtengo umene anadzala apongozi anga aakazi chaka chimene analowa m'nyumbayo, ndipo aliyense pamudzi ankadziwa kuti adada salola mwana kukweramo. Ankauthirira okha m'chilimwe, ankautengulira okha. Kukhotetsa kamsewu sikukanatheka, chifukwa kumanzere kunali ngalande ya madzi a kuphiri, kumanja bwalo linkatsikira kudimba.

Ndinabwerera pakhonde n'kunena maganizo anga. "Adada, bwanji kamsewu kathere pa mamita sikisi? Patsala mita imodzi yokhotera, mtengo osaukhudza."

Anandipatsa pensulo. Ndinagawa 75 ndi 600, ndinapeza 0.125, ndipo kabuku kanati madigiri 7 ndi pang'ono.

"Seveni ndi faifi sizikusiyana kwambiri," ndinatero. "Ndikhoza kukankha."

Adada anangotseka kope. M'mawa mwake anauza adada ang'ono kuti atsitse matabwa amene anali pamwamba pa mitanda m'chipinda chosungiramo katundu. Adada ang'ono anazengereza, anafunsa kawiri ngati amva bwino. Pambuyo pake ndi pamene anandinong'oneza kuti matabwa amenewo akulu awo anawagula kalekale n'kuwasungira bokosi lawo la maliro. Anali anayi, a mlombwa, aatali mamita atatu lililonse.

Adada ankafuna kuti tiyeseze madigiri 7 tisanawononge simenti. Anajambulanso chithunzi, koma ulendo uno nambala yodziwika inali pa mbali yopendekeka, chifukwa thabwa ndilo limapendekeka. Analemba 300 pamenepo, madigiri 7 pansi, funso pa mbali yoimirira. Ndinayamba kulemba tanjenti, iwo anagwira dzanja langa n'kutsegula tsamba lina la kabuku, la saini. Anandionetsa kuti ukakhala ndi mbali yopendekeka n'kumafuna yoyang'anizana ndi ngodya, umagwiritsa ntchito saini. Saini ya madigiri 7 inali 0.1219. Kuchulukitsa ndi 300 kunapereka masentimita 36 ndi theka, msinkhu wa njerwa zisanu zosanjikiza.

Tinasanja njerwa pabwalo, tinagoneka matabwa anayiwo mogundizana, tinachirikiza pakati kuti asapindike. Adada tinawakhazika pampando wamba pakhonde, ndipo m'chikuku tinaikamo thumba la chimanga. Ndinavula masilipasi. Kukwera ndinakwera, ngakhale kuti kumapeto ndinachita kukankha ndi chifuwa. Potsika ndinayenda chambuyo monga anandilangizira namwino, chikuku chikundikankha, zala za kumapazi zikukanirira pathabwa. Ndinafika pansi bwinobwino.

"Mwaona, adada? Palibe vuto."

"Werezgani," anatero, kuti ndibwereze.

Ndinabwereza kachiwiri, kachitatu. Ulendo wachitatu nditafika pansi ndinaima kaye kuti mpweya ubwerere, ndipo mosadziwa ndinagwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, lina pamimba. Nditakweza maso ndinapeza akundiyang'ana. Ndinachotsa dzanja msanga.

Anandiitana. Adada ang'ono anali atapita kuseri kukamwa madzi. Ndinakwera pakhonde n'kugwada.

"Mkamwana," anatero pang'onopang'ono, m'Chichewa, liwu lililonse akulikoka. "Simuli nokha."

Nkhani zotere mpongozi wamwamuna satchula. Zimadutsa kwa amayi akuluakulu, ndipo iye amamva mwana atabadwa. Ndinaweramitsa mutu, nkhope ikutentha. Iwonso anayang'ana kumbali. Anatenga kope, analemba 5 wamkulu, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri. Adada ang'ono atabwera, adada analoza mtengo wa malalanje.

"Dumulani," anatero, kutanthauza kuti audule.

Adada ang'ono anakana. Analankhula nthawi yaitali m'Chitumbuka chothamanga chimene sindinachimve chonse, koma ndinamva akutchula alamu awo omwalira, ndinamva akunena kuti amuna anayi sangasowe tsiku lililonse, kuti anthu adzati chiyani. Inenso ndinapempha kuti tidikire, mwina mwamuna wanga angaganize njira ina. Adada anamvetsera zonse. Titamaliza anabwereza liwu lomwelo, motsitsa kuposa poyamba.

Mtengowo unali ndi malalanje aawisi ambiri. Adada ang'ono anabwera ndi nkhwangwa m'mawa wa Lachisanu, ndipo ndinapempha kwa ahedi kuti ndifike mochedwa. Ndinafunsa adada ngati angakonde kukhala m'nyumba, iwo anati ndiwatulutse pakhonde. Anaonerera kuyambira nkhwangwa yoyamba mpaka mtengo utagwa. Sanalire. Dzanja lawo lamanzere linali litagwira chitsulo cha chikuku mwamphamvu moti mitsempha inatuluka. Mtengo utagwa, fungo la masamba a malalanje linadzaza bwalo lonse. Ndinatola zipatso zaziwisizo m'beseni osadziwa kuti ndichita nazo chiyani. Zinakhala kukhitchini mpaka zinafota.

Mmisiri uja anali asanapondeponso pakhomo pathu chichitikire ngozi. Nditamuitana anabwera atavula chipewa kuyambira kumsewu. Anagwada pansi pa khonde.

"Aphunzitsi, ndinalakwa. Sindinamangepo chinthu chotere, ndinangoona ngati potsikira wilibala."

Adada anamupatsa kope lija. Mmisiriyo anatembenuza masamba pang'onopang'ono, akuyang'ana zithunzi zonjenjemerazo ndi manambala anga ofufutafufuta. Anaseka pang'ono mwamanyazi.

"Izi munatiphunzitsa ku Fomu 3. Ine ndinkakhala kumbuyo." Anatembenukira kwa ine. "Amadamu, ndiye mwati mamita eyiti ndi hafu? Kameneka si kamsewu ayi, ndi msewu weniweni."

"Eyiti ndi masentimita fifite seveni," ndinatero.

Anagumula kamsewu koyamba tsiku lomwelo. Tinakhoma chikhomo pa masentimita 857, iye anamanga chingwe kuchokera pamphepete pa khonde kufika pachikhomocho, ndipo njerwa zonse ankaziyala motsatira chingwecho. Masana aliwonse ndikaweruka ndinkapeza adada ali pakhonde ndi rula yawo pamiyendo, mmisiri akuwaonetsa levulo akamaliza mzere uliwonse. Tsiku lina anandifunsa kutalika kwa paipi yoti aike m'mbali ngati chogwirira. Ndinawerengera ndekha ndi saini, adada asanandiuze, ndipo ndinapeza masentimita 860. Ndinadabwa kuti mbali yopendekeka ikuposa yogona ndi masentimita atatu okha, ndinaganiza kuti ndasokoneza. Adada anayang'ana pepalalo, n'kuikapo chizindikiro chokhoza ndi dzanja lamanzere, chokhota ngati mbedza. Pamwamba pa simenti mmisiri anadutsitsapo tsache isanaume kuti pasamaterere, ndipo m'mbali anakweza kamzere ka njerwa kuti tayala lisaphonye.

Tinadikira sabata yathunthu kuti paume. Lamulungu lotsatira adada ang'ono anawaveka suti ndi tayi. Anafuna kukankha okha, koma adada anakana n'kuloza ine. Ndinamasula mabuleki. Ndinatembenuza chikuku, ndinayamba kutsika chambuyo, ndikudikira kuti nthawi ina iliyonse chindikoka. Sichinandikoke. Chinkangotsamira pa ine pang'ono, ngati mwana wotopa. Tinadutsa pamene panali mtengo paja, tinafika pansi, ndinatembenuza chikuku kuloza kunjira.

"Yewo," anatero, kundithokoza. Kenako anawonjezera, "Yewo chomene."

Titafika kutchalitchi nyimbo yoyamba inali itayamba kale. Anthu anatembenuka, ena anaimirira, akulu a mpingo anasendeza benchi kuti chikuku chikhale kutsogolo pamene iwo ankakhala kale. Mapemphero atatha sanafune kupita kunyumba. Anandiuza kuti ndiwapititse kumanda, kumene kunali mtumbira watsopano wa mnzawo uja. Adada ang'ono anandithandiza kukankha chifukwa njira ya kumeneko ndi ya mchenga. Adada anavula chipewa, anayang'ana mtumbirawo, kenako anati tibwerere.

Kuyambira pamenepo ankatuluka pafupifupi tsiku lililonse. Ankapita kukaona anthu akusoka fodya, ankakhala pamthunzi wa chigafa kumvetsera nkhani, nthawi zina ankangofuna kukhala pabwalo kuwothera dzuwa. Ndinawakankha mpaka mwezi wanga wachisanu ndi chitatu, kenako amayi a pamudzi anandiletsa n'kumasinthana okha. Kukwera ankatha ngakhale mayi mmodzi. Mwana anabadwa wamkazi, mu Sepitembala. Nditatuluka naye m'chikuta ndinakamuika pamiyendo pawo, iwo anamuchirikiza ndi dzanja lamanzere n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Dzina anamupatsa ndi iwo, la akazi awo.

Mawu awo sanabwerere, m'malo mwake ankacheperachepera. Komabe masana ambiri tinkakhala limodzi pakhonde, ine pampando, mwana ali kumsana kapena pamphasa, ndikulemba mapulani a kusukulu. Amayi ena ankadabwa kundiona nditakhala pampando pafupi ndi apongozi, koma palibe anandifunsa.

Chaka chotsatira nyengo yozizira inabwera ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Anagonekedwa m'chipatala sabata imodzi, anatuluka, anayambanso kudya pang'ono, ndipo tinkaona ngati apeza bwino. Lachinayi lina m'mawa ndinawasiya adada ang'ono akuwameta ndevu, ndinatsanzika, iwo anakweza dzanja. Cha m'ma teni koloko ndili pabolodi ndinaona mmisiri uja ataima pakhomo la kalasi, njinga ataitsamiritsa pamtengo, simenti ili m'manja ndi m'malaya. Anali akumanga nyumba ina kufupi ndi kwathu, ndipo adada ang'ono anathamangira kwa iye poyamba. Sanalowe. Anangoima pamenepo atagwira chipewa, ndipo ndinadziwa kuti adada atisiya.

Ndinaika choko patebulo. Ndinauza ana kuti akopere zimene zinali pabolodi, ndinapempha mphunzitsi wa kalasi yoyandikana kuti aziwayang'anira, ndinapita kukauza ahedi. Kenako ndinakatenga mwana kwa mayi amene ankandisungira pafupi ndi sukulu, ndinamubereka, ndipo tinauyamba wapansi, mmisiri akukankha njinga yake pambali panga.